Kujambula Mlatho M'chifunga Dzuwa Likuboola: Njira ya Monet pa Waterloo Bridge

Pakati pa 1899 ndi 1901, Claude Monet, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, anapita ku London katatu. Ulendo uliwonse ankafikira ku hotela ya Savoy, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, m'chipinda cham'mwamba chokhala ndi khonde. Akaima pakhondepo, kumanzere ankaona mlatho wa Waterloo, kumanja mlatho wa sitima wa Charing Cross. Wa Waterloo wokha anaujambula maulendo oposa 40. Mlatho womwewo, hotela yomweyo, ndipo zinsalu zambiri zinali za msinkhu umodzi, pafupifupi masentimita 65 chokwera ndi 100 chopingasa. Koma mukaziika pamodzi zithunzizo simupeza ziwiri zofanana. China ndi chabuluu, china chapinki, china chobiriwira motuwa, china dzuwa lili psuu pakati pa utsi. Mlatho sunkasintha. Chinkasintha ndi mpweya umene unali pakati pa maso ake ndi mlathowo, ndipo mpweyawo ndi umene iye ankajambula.

Malangizo onsewa agona pamenepa. Ambirife tikafuna mlatho wa m'chifunga timayamba taujambula wonse bwinobwino, mwala ndi mwala, kenako n'kupaka penti woyera pamwamba kuti akhale chifunga. Chithunzi chimatuluka ngati chathiridwa ufa. Njira ya Monet imayambira mbali inayo: mpweya choyamba, mlatho pambuyo, ndipo mlathowo umapangidwa ndi mitundu yomweyo ya mpweya.

Gawo 1: Yambani mwayang'ana, penti asanatsegulidwe

Funani pa intaneti zithunzi ziwiri izi. Choyamba ndi Waterloo Bridge, Sunlight Effect, chimene chili ku Art Institute of Chicago. Chachiwiri ndi Waterloo Bridge: the Sun in a Fog, chimene chili ku National Gallery of Canada mumzinda wa Ottawa. Zonse ziwiri zalembedwa chaka cha 1903. Zitsegulireni pa kompyuta ngati ilipo, chifukwa pa foni yaing'ono mikwasa ya burashi siioneka.

Mukamayang'ana, tsinzinani maso pang'ono mpaka tizinthu ting'onoting'ono tizimirire. Muona kuti chithunzi chili ndi mbali zitatu zokha: madzi m'munsi, mlatho chapakati, ndipo pamwamba tsidya lina la mtsinje ndi machumuni a mafakitale akusungunukira m'thambo. Muonanso kuti palibe malo akuda bii, palibenso oyera mbee. Ngakhale kunsi kwa mlatho, kumene ife tingathamangire kuikako wakuda, kuli buluu wosakanikirana ndi pepo.

Mudziwenso chimene munthuyu ankaona. Mlatho wa m'zithunzizi si umene uli pa Thames lero. Unali wakale wamiyala, umene anaukonza John Rennie, unatsegulidwa mu 1817, ndipo unali ndi mipata 9 yokhota pamwamba. Unagwetsedwa m'zaka za m'ma 1930, n'kumangidwa wina wa konkire umene unamalizidwa mu 1945. Chifunganso sichinali nkhungu ya mtsinje yokha. London ankaphikira malasha, kuwothera malasha, kuyendetsera mafakitale ndi sitima pa malasha, ndiye utsiwo ukakumana ndi chinyontho cha nyengo yozizira mzinda wonse unkangoti mbuu. M'kalata ina yopita kwa mkazi wake Alice, Monet anafotokoza mmene mtima unamuthawira atadzuka m'mawa n'kupeza kunja kwayera, opanda chifunga ngakhale pang'ono, akuganiza kuti zinsalu zake zonse zathera pomwepo, mpaka anthu atayamba kusonkha moto, utsi n'kubwerera. Kukongola kumeneku kunali ndi mtengo wake. Mpweya wa mtundu womwewo unapha anthu masauzande mu December 1952, ndipo ndi zimene zinachititsa kuti Britain ikhazikitse lamulo la Clean Air Act mu 1956. Ndikuona kuti wojambula ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa zimafotokoza mtundu wachikasu ndi wofiirira umene nkhungu yoyera ya m'mawa ilibe.

Gawo 2: Zipangizo

Musadzilemetse. Mu 1905 Monet anauza wogulitsa zithunzi zake, Durand-Ruel, kuti mitundu imene ankagwiritsa ntchito inali yochepa: woyera, wachikasu, ofiira awiri, buluu ndi wobiriwira. Mukapita m'sitolo yogulitsa zojambulira, mayina a pa machubu amene angakuthandizeni ndi titanium white, cadmium yellow, vermilion kapena cadmium red, alizarin crimson, cobalt blue ndi viridian. Cobalt blue ndi wodula. Ultramarine angathe kulowa m'malo mwake, kungoti amapendekera ku pepo. Machubu olembedwa mawu akuti hue ndi otsika mtengo ndipo kwa wophunzira ndi okwanira. Woyera gulani chubu chachikulu, chifukwa atha msanga kuposa ena onse pamodzi. Wakuda musagule. Ngati muli naye kale, m'sungeni kutali.

Monet ankagwiritsa ntchito penti wamafuta wa akatswiri ojambula, wa m'machubu. Ameneyu si penti wa oyilo wa m'zitini amene timapaka zitseko ndi mawindo. Wa zitsekoyo amayenderera ndipo sasunga mkwasa wa burashi. Penti wamafuta amauma pakapita masiku, ndiye mumakhala ndi nthawi yofewetsa malire. Acrylic, penti wina wa ojambula wosungunulira ndi madzi, amauma m'mphindi zochepa, makamaka kukatentha, komanso akauma amadera pang'ono, choncho muzisakaniza wowalirapo kuposa mmene mukufunira. Aliyense mwa awiriwa agwira ntchito. Woyera amene Monet ankapaka anali wa mtovu, ndipo ndi poizoni. Titanium white alibe vuto limenelo. Komabe penti wa cadmium si wolowa m'kamwa. Burashi musaigwire ndi mano, sambani m'manja musanadye, ndipo ngati mukusungunulira ndi tapentaini tsegulani mawindo.

Maburashi atatu a ubweya wouma, afulati: yaikulu ngati zala ziwiri, yapakati, ndi yaing'ono. Tinsanza tambiri. Posakanizira penti, galasi lakale kapena mbale yafulati yoyera. Chinsalu chikasowa, dulani hadibodi kapena pulayiwudi, muipake penti woyera wamadzi kawiri, ikauma muikwechese pang'ono ndi sanipepa. Dulani zitatu kapena zinayi za msinkhu umodzi, mwina masentimita 26 ndi 40, kuti zifanane kaonekedwe ndi za Monet. Chifukwa chake chiri kutsogoloku.

Gawo 3: Gamulani kumene dzuwa lili

Funso ili liyankhidwe burashi isanakhudze bolodi, chifukwa likasiyidwa chithunzi chimasokonekera chapakati.

Hotela ya Savoy ili kumpoto kwa mtsinje. M'nyengo yozizira ya ku London dzuwa limatulukira chakummwera kwa kummawa, kuseri kwa mlatho wa Waterloo. Ndiye m'mawa Monet ankayang'anizana nalo: mlatho umakhala woderapo kuposa mpweya, madzi n'kumanyezimira. Tsiku likamapita dzuwa linkasunthira kumanja kwake, n'kuyamba kuwalira pankhope ya mlathowo: apa miyala imawala kuposa mpweya, ndipo mdima umatsala kunsi kwa mipata kokha. Chithunzi cha ku Ottawa ndi cha mtundu woyamba, dzuwa likuoneka lenilenilo m'chifunga. Cha ku Chicago dzuwa silikuoneka, koma kuwala kwake kwagwera pa mlatho.

Sankhani chimodzi. Kwa woyamba kumene ndikulangiza dzuwa la kuseri, chifukwa mlatho umakhala chinthu chimodzi chamtundu umodzi ndipo simukopeka n'kuyamba kuwerenga miyala.

Gawo 4: Phani kuyera kwa bolodi, kenako ikani mizere yochepa

Sungunulani penti wabuluu, kapinki pang'ono ndi woyera kuti akhale wamadzimadzi, mupake bolodi yonse, mupukute ndi kansanza. Patsale mtundu wotuwa wowala. Pa bolodi yoyera mbee mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, ndipo maso amanamizika.

Ikauma, tengani burashi yaing'ono ndi buluu wopyapyala. Pensulo ayi, chifukwa mzere wa pensulo umakulamulani, mumayamba kuopa kuudumpha. Kokani mzere wa pamwamba pa mlatho, cha pakati pa bolodi kapena kukwererapo pang'ono, wopendekera pang'ono popeza mlathowo ukupita tsidya lina. Monet ankauona ali pamwamba, n'chifukwa chake madzi amatenga malo aakulu. Ikani mipata inayi kapena isanu, osati yonse 9, ndipo iliyonse izichepa pang'ono kuposa inzake pamene ikutalikira. Kenako mzere wa tsidya lina, ndi timizere tiwiri kapena titatu ta machumuni, tosiyana kutalika, tosatalikirana mofanana. Basi. Zimenezi zisakutengereni nthawi.

Gawo 5: Sakanizani mpweya

Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa. Chithunzi chotere chimatheka kapena kulephereka pa galasi losakanizirapo, osati pa bolodi.

Ganizirani makwerero 10 kuchokera pa woyera kukafika pa wakuda. Chithunzi cha masana kunja kutayera chimagwiritsa ntchito pafupifupi onse. Cha m'chifunga chimakhala pa atatu kapena anayi okha, a chapakati cha kowala. Chifukwa chake n'chakuti timadontho ta madzi ndi utsi timamwaza kuwala mbali zonse, ndiye chinthu chakuda chikakhala patali chimawalirapo, chowala chimazilala, zonse n'kuyandikira mtundu wa mpweyawo. Chikatalikira kwambiri chimasowa. Funso ndi lakuti: ngati kuda ndi kuwala zatsala pang'ono kufanana, nanga diso lisiyanitsa bwanji mlatho, madzi ndi thambo? Yankho ndi kutentha ndi kuzizira kwa mitundu. Pinki, lalanje ndi wachikasu ndi mitundu yotentha. Buluu, wobiriwira ndi pepo ndi yozizira. Mitundu iwiri ingathe kuwala mofanana ndendende, koma umodzi ukakhala wotentha, unzake wozizira, diso limaiona yosiyana, ndipo pamene yakumana pamaoneka ngati pakunjenjemera. Kunjenjemera kumeneko ndiko kumaoneka ngati dzuwa likuboola nkhungu.

Yambani ndi mulu waukulu wa woyera. Thiranimo cobalt blue pang'ono, kenako kadontho chabe ka alizarin crimson. Mupeza mtundu wotuwa wopendekera ku pepo. Umenewu ndiye mayi wa mitundu yonse ya pachithunzichi, ndipo ukhale wambiri kuti usakuthereni pakati. Gawani muluwo panayi. Woyamba usiyeni momwemo. Wachiwiri thiranimo vermilion pang'ono ndi kachikasu, ukhale pinki wa mpweya umene wagwidwa ndi dzuwa. Wachitatu thiranimo viridian, ukhale wobiriwira wotuwa wa madzi. Wachinayi onjezerani buluu ndi alizarin, udere ndi khwerero limodzi kapena awiri. Umenewu ndi wa mlatho.

Tsopano yesani. Pakani kachidutswa ka mulu uliwonse moyandikana pa pepala, mujambule ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Milu itatu yoyambayo iyenera kuoneka ngati mtundu umodzi. Wachinayi wokha ndiwo uderepo. Ngati pinki watuluka wowala kwambiri kapena wobiriwira wadera, konzani panopa.

Mtundu ukakuwa kwambiri, musauziziritse ndi wakuda. Thiranimo mdani wake pang'ono: mu buluu kalalanje, mu wofiira kobiriwira, mu wachikasu kapepo. Umatuwa koma sufa. Ndipo musasakanize mpaka zonse zisalale. Siyani timikwasa ta buluu ndi pinki tizioneka mumuluwo, kuti burashi ikatapa izitenga mitundu iwiri nthawi imodzi.

Gawo 6: Pakani mpweya paliponse, ngakhale pa mlatho

Ndi burashi yaikulu, yambani kumwamba. Mikwasa ikhale yaifupi, yopita mbali zosiyanasiyana, ina yokhota potsata mmene utsi umazungulirira. Ikani wotuwa uja, pambali pake pinki, pambali pakenso wotuwa, osazisisita kuti zikhale chimodzi. Kufupi ndi kumene kuli dzuwa pinki achuluke. Kutali ndi dzuwa buluu achuluke. Penti akhale wopyapyala pa kupaka koyambaku. Kwa a penti wamafuta lamulo ndi lakuti wopyapyala pansi, wokhuthala pamwamba, apo ayi chithunzi chimadzang'aluka chikauma.

Mukafika pa tsidya lina ndi machumuni, musaime. Dutsani pamwamba pa timizere tanu, tingotsala tikuonekera chapansipansi. Mukafika pa mlatho chimodzimodzi. Dzanja limakana, limafuna kuzungulira chimene mwajambula kuti chisawonongeke. Likakamizeni. Mukazungulira, mlatho udzaoneka ngati wadulidwa kwina n'kumatidwa pamenepo.

Pa madzi mikwasa isinthe, ikhale yopingasa. Pafupi nanu, m'munsi mwa bolodi, ikhale yaitaliko ndi yotakata, mitundu yake yosiyana moonekera. Ikamakwera kupita ku mlatho izifupika, izichepa, izifanana. Kusintha kwa mikwasa kokhako ndi kumene kumagoneka madzi pansi n'kuwapititsa kutali. Musaiwale kuti madzi amabwereka mtundu kumwamba, choncho pinki wa m'thambo atsikirenso mumtsinje, wobiriwira wa mumtsinje akwereko pang'ono m'thambo.

Gawo 7: Tulutsani mlatho

Tengani mulu wachinayi ndi burashi yapakati. Musajambule malire n'kudzaza m'kati. Ikani mikwasa yoyandikana mpaka mlatho uyambe kuoneka wokha. Mbali imene ili pafupi nanu idere kwambiri. Pamene ukupita tsidya lina muzithiramo za mulu woyamba pang'onopang'ono, kuti mpata womaliza utsale pang'ono kusowa.

Kunsi kwa mipata ndi kumene kuli mdima waukulu wa chithunzi chonse, koma mdimawo ndi buluu ndi pepo. Kudzera m'mipatamo mumaonekanso madzi a kuseri, owala. Kuwala kumeneko kuikeni ndi mkwasa umodzi kapena iwiri. N'kumene kumauza diso kuti mlathowu ndi woboola. Pansi pa chipilala chilichonse tsitsani mthunzi wake m'madzi, wodukaduka, wosada kufika pa chipilalacho.

Malire ndi nkhani yofunika. Sankhani malo amodzi okha, mwina mpata wachiwiri kuchokera kufupi, pamene malire akhale oonekera bwino. Kwina konse afewetseni: pukutani burashi pa kansanza, muikokere mopepuka kuchokera mu mpweya kulowa mu mlatho. Pamalo ena malire asowe ndithu. Woona chithunzi amalumikiza yekha, ndipo amasangalala kutero.

Ngati munasankha dzuwa la pankhope ya mlatho, tembenuzani zinthu: miyala ikhale pinki wowala wosakanikirana ndi kachikasu, mpweya wa kuseri kwake uderepo pang'ono, mulu wachinayi ugwire kunsi kwa mipata kokha.

Gawo 8: Dzuwa ndi njira yake pamadzi

Dzuwa la m'chifunga cha utsi si loyera. Utsi umamwaza kuwala kwa buluu kuposa kofiira, ndiye chimene chimafika m'maso mwanu ndi lalanje kapena pinki wofiirira. Sakanizani vermilion, cadmium yellow ndi woyera pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti dzuwali siliyenera kuwala kwambiri kuposa thambo lolizungulira. Limayaka chifukwa lalanje wakhala pakati pa buluu, ndipo mitundu yodanayi imakwezana ikayandikana. Katswiri wa sayansi wa ku France, Michel Eugène Chevreul, anafotokoza zimenezi mu 1839, ndipo ojambula a m'nthawi ya Monet ankazidziwa. Monet mwiniyo anachita zomwezi mu 1872 pa chithunzi chake cha doko la Le Havre, Impression, Sunrise, chimene dzina lake linabala dzina la kajambulidwe konseka, Impressionism, atachionetsa mu 1874. Mukachisandutsa chakuda ndi choyera, dzuwa lake limatsala pang'ono kusowa.

Likhale laling'ono, penti wake wokhuthala, loikidwa kamodzi kapena kawiri osabwererapo. Kuzungulira kwake ikani pinki wofewa amene akuzilala pamene akutalikira.

Kenako njira ya kuwala pamadzi. Imatsika molunjika pansi pa dzuwa, osati chammbali. Ikani timikwasa topingasa ta lalanje ndi pinki, tating'ono kufupi ndi mlatho, tokulirapo ndi totalikirana pamene tikubwera kwa inu, ndipo pakati pake buluu azioneka. Apa ndi pamene manja amakoma, munthu n'kungopitiriza mpaka mtsinje wonse waliwali. Imani msanga. Kuwala kukakhala paliponse sikuonekanso.

Gawo 9: Anthu, ngolo ndi utsi

Pa mlatho wa Waterloo pankadutsa mabasi okokedwa ndi mahatchi, ngolo ndi anthu oyenda pansi. Pa zithunzi za Monet onsewa ndi timadontho ta penti toyandikana pamwamba pa mlatho, kena kofiirira, kena kachikasu, kena kabuluu. Palibe gudumu, palibe mwendo. Chitani chimodzimodzi ndi burashi yaing'ono, timadontho tosafanana kukula, pena tothithikana pena totalikirana. Machumuni akhale mkwasa umodzi uliwonse, oderapo pang'ono chabe kuposa thambo, utsi wake wonse upite mbali imodzi popeza mphepo ndi imodzi. Bwato limodzi laling'ono m'munsi, loderapo, limathandiza kukankhira mlatho kutali. Limodzi lakwana.

Gawo 10: Bwererani m'mbuyo

Imikani bolodi, mupite kumapeto kwa chipinda. Zithunzi za mtundu umenewu zimapangidwira kuonedwa patali. Pafupi ndi mikwasa chabe. Ngati mlatho walumpha kwambiri, dikirani penti aume, mutape mulu woyamba pang'ono, mupukute burashi mpaka itsale youma, muikwekwese mopepuka pamwamba pa mlathowo. Penti amagwira pa timapiri ta penti wakale, wapansi n'kumaonekerabe. Umu ndi mmene chifunga chimaonjezeredwa popanda kupha mtundu. Koma chikhale cha mtundu wa mpweya, osati woyera yekha. Ngati chithunzi chatuwa chonse n'kufa, ndiye kuti munasisita kwambiri. Chisiyeni chiume, mubwerezenso mikwasa ya pinki ndi buluu yosasakaniza pamwamba.

Gawo 11: Pitani ku mlatho weniweni

Kutsanzira Monet ndi sukulu chabe. Mukachita kawiri kapena katatu, tengani mabolodi ena aja mupite pamene pali mlatho, madzi ndi nkhungu. Amene muli ku London mungathe kutsikira ku Victoria Embankment, m'munsi mwa Savoy, ngakhale mlatho ndi wina ndipo mpweya unayera. Kwathu kuno m'mawa wa June ndi July nkhungu imagona pa mitsinje, ndipo mu September ndi October utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimachititsa dzuwa kutuluka lofiira. Utsi umenewu ndi umene ukuyandikira kwambiri zimene Monet ankaona. Chiperoni cha ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje ndi china: n'chozizira, chotuwa, chopanda chikasu, ndiye mulu wa pinki muuchepetse. Milatho ya pa Shire ku Mangochi ndi ku Liwonde ili ndi madzi otakata okwanira njira ya dzuwa. Kumbukirani kuti ife tili kummwera kwa dziko lapansi: mu June dzuwa limatulukira chakumpoto kwa kummawa n'kudutsa chakumpoto, mosemphana ndi nyengo yozizira ya ku London. Pitani dzulo lake mukaone poima.

Vuto lalikulu panja ndi lakuti kuwala sikudikira. Monet ankadandaula kuti maonekedwe amene akujambula ankatha m'mphindi zochepa. Njira yake inali kukhala ndi zinsalu zambiri zoyamba kale. Kuwala kukasintha, ankasiya chimene chili m'manja n'kufunafuna china chofanana ndi mmene kunja kwakhalira. John Singer Sargent, wojambula mnzake amene ankamuchezera ku Savoy, anamupeza atazunguliridwa ndi zinsalu zambirimbiri akusakasaka choyenera, ndipo kawirikawiri pochipeza kuwala kunali kutasinthanso. Tsiku lake linali logawika: Waterloo m'mawa, Charing Cross dzuwa likakwera, ndipo kuyambira mu 1900 madzulo ankawolokera ku chipatala cha St Thomas' kukajambula nyumba ya malamulo dzuwa likulowa kuseri kwake.

Inu mabolodi atatu akukwanirani. Mizere ya mlatho ijambuleni kale pa onse, milu ya penti isakanizeni musanachoke pakhomo. Bolodi yoyamba dzuwa likungotuluka, yachiwiri nkhungu ikayamba kung'ambika, yachitatu ikamatha. Kuwala kukasintha musathamangitse kusinthako pa bolodi yomweyo, tengani ina. Kuseri kwa iliyonse lembani nthawi, kuti mawa mudzaitenge pa ola lomwelo. Penti akasowa kapena nthawi ikachepa, choko cha mitundu pa pepala lotuwa chimagwira msanga. Monet anachita zomwezo mu January 1901 katundu wake atachedwa kufika ku London: anajambula milathoyo ndi choko chotere, chotchedwa pastel, podikira mabokosi ake.

Jambulani ndi foni ndithu, ikuthandizani pa kaimidwe ka mlatho. Koma pa mitundu musaikhulupirire. Foni imadzikonzera yokha chithunzi, imadetsa zakuda, imawalitsa zowala, imanola malire, ndiye kuti imachotsa chifunga chomwe mwadzera. Ndi bwino kulemba mawu ochepa papepala: thambo pinki kumanzere, madzi obiriwira motuwa, mpata wachitatu sukuoneka.

Gawo 12: Malizirani kunyumba

Musaone ngati mwaphwanya lamulo pomalizira m'nyumba. Monet anabwerera kwawo ku Giverny ndi zinsalu pafupifupi 100 za London, zambiri zosatha, ndipo anazigwirira ntchito kwa zaka zitatu. Ankaziika pamodzi n'kumazikonza mozifananiza, ndipo anakana kutumiza ngakhale chimodzi kwa Durand-Ruel zinzake zisanathe. Mu 1904 zithunzi 37 zinaonetsedwa ku Paris. Ankafuna kukazionetsanso ku London koma sizinatheke m'moyo wake. Zina mwa izo zinakumananso kumeneko mu 2024, ku Courtauld Gallery, pafupi ndi Savoy pomwepo.

Inunso imikani mabolodi anu atatu moyandikana. Chimene chikusoweka pa imodzi chimaonekera msanga ikakhala pambali pa inzake: iyi yazizira kwambiri, iyo mlatho wada. Konzani pang'ono, ndi milu yomwe ija, ndipo musaonjezere chinthu chimene simunachione ku mtsinje. Acrylic mungamupake vanishi pakapita masiku ochepa. Penti wamafuta dikirani miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo poumitsa bolodi iimirire, nkhope yake itayang'ana kukhoma koma osaligunda, kuti fumbi lisamatirire.

Dzina lanu lembani pakona yam'munsi ndi burashi yaing'ono, ndi mulu wachinayi uja, osati ndi cholembera chakuda, chifukwa chikhala chinthu chakuda kwambiri pachithunzi chonse ndipo chikoka maso kuchoka pa mlatho. Zithunzi zambiri za Waterloo zalembedwa 1903 kapena 1904, chaka chimene Monet anazimaliza, ngakhale anaziyamba ku London zaka zingapo m'mbuyomo. Inu kutsogolo lembani chaka chomalizira, ndipo kuseri, pafupi ndi ola lija, lembani tsiku, mwezi ndi dzina la mlatho. Ngati ndi chotsanzira, lembaninso kuseriko kuti mwatengera kwa Claude Monet.